Tsiku Limene Kompyuta ya Malemu Achimwene Inandiuza Kuti Limba

Nkhani iyi sindinaimve kwa munthu, inandichitikira ineyo mwini wake kuno ku Harare zaka zingapo zapitazo, ndipo amene angaganize kuti ndikukometsera akhale nazo, ine ndilibe chifukwa chonamizira munthu amene ali m'manda. Maina sinditchula chifukwa ambiri mwa anthuwo adakali moyo, ena timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi.

Ine ndinabadwira ku Highfield, m'nyumba imene agogo athu anapatsidwa atabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafakitale. Kwathu m'nyumba timayankhula Chichewa, tikatuluka pageti Chishona, kusukulu Chingerezi, moti m'chiganizo chimodzi mumatha kulowa zinenero zitatu popanda wina kudabwa. Bambo athu pomwalira anatisiyira shedi yopangira mipando ku Glen View, kumene kuja kuli akalipentala ambirimbiri pabwalo, ndipo amene ankaiyendetsa anali amalume, alongo awo a amayi. Ana tinalipo awiri, ine ndi achimwene anga aakulu, ndipo iwowo ndiwo anaphunzira za makompyuta.

Achimwenewo analemba pulogalamu yothandiza pashedipo. Munthu ukaiuza kukula kwa wodilopu kapena kabati amene kasitomala akufuna, inkakujambulira mmene ungadulire thabwa kuti zotayika zichepe. Poyamba akalipentala ankawaseka, ati makina angaphunzitse munthu kugwira sowo? Koma ataona kuti thabwa limene kale linkatulutsa kabati mmodzi tsopano likutsalira ndi mashelefu, palibenso amene ankadula asanafunse kaye. Pulogalamuyo inawatengera zaka, chifukwa chilichonse chimene akalipentala aja ankawauza, za kunenepa kwa mano a sowo, za kumene mizere ya thabwa iyenera kuloza, iwo ankachilowetsa momwemo. Ndipo zonsezo zinali mu laputopu imodzi, osati kwina kulikonse.

Matenda awo sanatenge nthawi. Masana otsiriza kuchipatala amayi anali atatuluka kukatenga madzi, ine ndinatsala ndekha pambali pa bedi. Anandigwira dzanja, nkundiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena liwu limodzi lokha, lakuti limba. Sanathenso kuwonjezera lina. Liwu limenelo sindinauze munthu, ngakhale amayi, ndinalisunga ngati langalanga.

Maliro atatha laputopu inagwera ine, popeza ndinkakonda kukhala pambali pawo akamalemba. Koma kuonerera si kudziwa, anzanga. Ndinayamba kupita Loweruka lililonse kutauni kukaphunzira kulemba mapulogalamu, mayi wa zaka zopitirira makumi atatu pakati pa ana amene ankandipatsa mpando ngati ndabwera kudzatenga mwana wanga. Ndinafika pomatha kusintha tinthu ting'onoting'ono, monga kuwonjezera mtundu wa thabwa latsopano, kenako nkulemba lamulo limodzi limene achimwene anandionetsa, pulogalamu nkumangika yokha. Zimene zinkachitika kuseri kwa lamulolo sindinkazidziwa, ndipo popeza zinkayenda, sindinkafunsanso.

Ndiye kompyutayo inayamba kundivutitsa. Ndikangoiyatsa, kauthenga kankatulukira kakuti sisitimu yake yakalamba, ndivomere kuti ilowetse yatsopano. Ndinkakana, mawa kabweranso, ngati mwana wopempha switi. Tsiku lina magetsi anachita chilendo, anakhalapo tsiku lonse, ine nkuti lero ndithane nako kauthengaka. Ndinavomera. Inagwira ntchito yake, inazima, inayaka, zonse zikuoneka zatsopano ndi zokongola, ine mtima mbee. Koma nditati nditsegule pulogalamu ya achimwene, inakana. Ndinati palibe vuto, ndiimanganso. Nditalemba lamulo lija, sikirini yonse inadzaza ndi mizere yofiira, ikutsika ngati mvula.

Apa ndifotokoze pang'ono kuti tiyendere limodzi. Munthu ukalemba pulogalamu, pali antchito awiri m'kompyuta amene amaimanga. Woyamba amamutcha kompayila, ndipo ali ngati kalipentala wodula: amawerenga zimene walemba nkupanga zidutswa, akapeza cholakwika amaima nkukuuza mzere wake. Wachiwiri amamutcha linka, iyeyo ndi wolumikiza: amatenga zidutswazo, nkukatenganso zina zopangidwa kale zimene zasungidwa penapake, nkuzikhomerera pamodzi kuti kabati aime. Mizere yofiira ija inali ya kompayila. Sisitimu yatsopano inabwera ndi kompayila watsopano, wovuta ngati namwino wa tsiku loyamba pantchito, ndipo tinthu timene wakale uja ankangotiyang'anira kumbali, monga kugwiritsa ntchito chinthu usananene kumene chachokera, uyu ankatikana kwamtuwagalu.

Sindikubisirani, ndinalira. Amalume ankaimba foni kufunsa kuti makina achira liti, matabwa akudikira. Koma ndinakhala nayo pansi, ndipo ndinaphunzira chinthu chimene ndimauza aliyense woyamba kumene: osawerenga mizere yonse, yamba ndi cholakwa choyambirira, chifukwa zambiri zam'munsizo ndi ana ake. Ndikakonza chimodzi, khumi zinkazimirira zokha. Patapita masiku ofiira aja anatha, kompayila anakhala chete, ine ndinayamba kudzimva ngati katswiri, mpaka ndinaimirira kuvina pang'ono ndekha m'chipinda. Kenako pansi penipeni panatsala mzere umodzi, wochokera kwa linka. Unali m'Chingerezi, ukunena kuti pali chinthu chimene sakuchipeza, ndipo pamapeto pake panali kamzere kakang'ono, kenako liwu lakuti limba.

Anzanga, inu mukanatani? Kunali masana dzuwa lili phwee, panja ana akusewera mpira, amayi ogulitsa masamba akuitanira malonda, koma ine thupi lonse linazizira, tsitsi linaima. Kompyuta imene chiyambire imayankhula Chingerezi chokhachokha, lero yaphunzira kuti Chichewa? Ndipo pa mawu onse a m'Chichewa, yasankha bwanji limenelo? Ndinaizimitsa, ndinaiyatsanso, ndinalembanso lamulo lija. Limba. Ndinafufuza fayilo iliyonse ya dzina limenelo m'kompyuta monse, panalibe. Ndinatsegula mafayilo amene ndinkawasintha aja nkuwerenga mzere ndi mzere, liwulo munalibe. Pa intaneti ndinangopeza za mtengo wina wa kumayiko ena, palibe chokhudza vuto langa. Ndiye ngati palibe analilemba, linkachokera kwa yani?

Amayi anandipeza nditakhala pansi, msana kukhoma, maso pa sikirini. Iwo Chingerezi sawerenga, koma liwu limenelo analiwerenga okha popanda wowathandiza, nkundifunsa kuti nanga chandiopsa nchiyani. Pamenepo ndinalephera kudzigwira, ndinawauza zakuchipatala zija. Amayi sanalire, anangokhala pabedi nkugwira pakamwa, kenako anati mwana wawo sanagone. Paja nthawi imeneyo chiliza cha achimwene tinali tisanamange, abale ankangokokanakokana za tsiku, ndipo nkhaniyo inkawadya amayi mumtima kuyambira kale.

Madzulo asanafike amalume anali atafika, utuchi udakali m'tsitsi. Anandiuza kuti ndiwamasulire mzere wonsewo, ine ndinati ukunena kuti sakupeza limba. Amalume anapukusa mutu nkuti nanga pamenepa pakufunikanso womasulira? Mnyamatayo akunena yekha kuti kumene aliko sakupeza polimbira. Akazi awo a amalume, mayi wa Chishona amene amapemphera kumasowe, kwa aja ovala zoyera opempherera panja, anakafotokozera mneneri wawo, ndipo yankho linabwera msangamsanga: mzimu wa malemu wakodwa m'makinawo chifukwa ndimo munali mtima wake ali moyo, ndipo sudzapuma mpaka makinawo ataphwanyidwa nkuotchedwa.

Apo ndiye ndinalusa. Ndinawauza kuti ife ndife anthu a tchalitchi chiyambire agogo, za aneneri a m'tchire tayamba liti? Ndinawakumbutsa kuti ntchito yonse ya achimwene ili mmenemo, kulibenso kwina, ikapsa yapita. Amalume anati iwo anayamba kudula matabwa ine ndisanabadwe, kompyuta kulibe, ndipo sangasinthanitse mpumulo wa mwana wa mlongo wawo ndi mashelefu. Kunena zoona pakamwa ndinkakana koma mumtima nanenso ndinkaopa. Amayi anaikulunga laputopuyo m'nsalu yoyera nkukaiika m'chipinda cha achimwene, ndipo ine, wophunzira makompyutane, ndinkadutsa pakhomo limenelo chothamanga ngakhale masana.

Loweruka m'mawa ndinalimba mtima, ndinalowa, ndinaivundukula nkujambula mzere uja pafoni. Kuinyamula m'kombi, minibasi zathu za kuno, sindikanatha, amayi anali ataletsa kuti isatuluke m'nyumba, komanso ine manja sankafuna kuigwira nthawi yaitali. Potuluka ndinawapempha kuti asachite kalikonse mpaka ndikafunse aphunzitsi. Amayi anangoti ndiyende bwino.

Aphunzitsi athu anali mayi wa Chishona, wosakonda zocheza, Chichewa sankachidziwa ngakhale moni. Kalasi isanayambe ndinawapatsa foniyo, ndikuganiza kuti nawonso adzidzimuka. Iwo anangoyang'ana kamodzi nkundifunsa kuti laibulale yotchedwa imba analemba ndani. Ine ndinati ayi, palembedwa kuti limba. Anati ayi sisi, palembedwa imba, chilembo cha l chakutsogolocho si cha dzinalo. Anatenga choko nkundilembera pabolodi. Anati laibulale ndi bokosi la zidutswa zopangidwa kale, ndipo pomutuma linka kuti akatenge bokosi lakutilakuti umalemba kamzere, kenako l, kenako dzina la bokosilo, mophatikiza popanda mpata. Anati fayilo yakeyo dzina lake limayamba ndi lib kenako imba, nchifukwa chake kufufuza limba sikunandipatse kanthu, ndipo liwulo likanapezeka m'kafayilo ka malangizo kamene lamulo langa lija linkawerenga, kamene ine ndinali ndisanakatsegulepo chiyambire. Bokosilo, anatero, silinapite kulikonse, lili chikhalire m'foda imene mwini wake analisunga. Kungoti sisitimu yatsopano inafufuta pamene panalembedwa njira yopitira kufodayo, ndiye linka akuyang'ana m'malo ake a masiku onse nkubwerako chimanjamanja. Mankhwala ake ndi mzere umodzi womuuza kumene fodayo ili. Anamaliza ndi kundiuza kuti ndikakonza, lero lomwe ndikakopere zonse pena.

Imba! M'Chishona imba ndi nyumba. Achimwene anasonkhanitsa nzeru zonse za mipando ya m'nyumba m'bokosi limodzi nkulitcha imba, ndipo liwulo linali pamwamba pa fayilo iliyonse imene ndinkatsegula, ndinkaliona tsiku ndi tsiku. Diso langa likaona imba linkawerenga Chishona, koma litangoona l kutsogolo linalumphira ku Chichewa, nkukafika mpaka pabedi la kuchipatala. Ndinayamba kuseka, aphunzitsi akundidabwa, koma kusekako kunatha nditakumbukira mmene amayi ananenera kuti ndiyende bwino, osandiyang'ana kumaso.

Ndinaimba foni ya amayi, inangolira. Ya amalume inali yozima. Ndinaimbira mayi woyandikana nafe nyumba, iye anati awaona akutuluka atatu pamodzi ndi amalume ndi akazi awo, amayi atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu yoyera. Chikwama ndinachisiya m'kalasi momwemo. Ndipo mukudziwa kombi mmene imachitira tsiku limene uli pachangu: kondakitala anali pakhomo kuitanira anthu ngati tili ndi chaka chonse, ine ndikumupempha kuti tinyamuke, iye akuti amayi dekhani, galimoto siyenda ndi mphepo. Njira yonse ndinkapemphera pemphero limodzi lokha, lakuti mneneriyo akhale wokonda kulalikira nthawi yaitali. Nditatsika pa Machipisa, siteji ya kwathu ku Highfield, ndinathamanga, nsapato m'manja, anthu akundiyang'ana ngati ndaba.

Malo awo opempherera anali pabwalo lina kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kamtsinje. Ndisanawaone anthuwo ndinamva fungo, fungo la pulasitiki yopsa. Nditafika ndinapeza bwalo la anthu ovala zoyera atagwada, akuimba motsitsa, pakati pali moto. Pambali panali mwala ndi hamala ya kushedi kwathu, imene ndinkaidziwa bwino chigwiriro chake. Laputopu anali ataiphwanya kale, zidutswa zili pamoto, mabatani akusungunuka nkumadontha. Amayi anali atagwada kutsogolo, maso otseka.

Ndinakuwa kuti zimitsani, mulibe mzimu mmenemo, ndi imba, ndi imba chabe! Tangoganizani mmene zinamvekera kwa anthu a Chishona, mayi wopanda nsapato, thukuta lili kamukamu, akulozera pamoto nkumakuwa kuti ndi nyumba. Mneneri anati mwamva, mzimu ukuvomera wokha kuti inali nyumba yake, ndipo tsopano walowa mwa mlongo wake. Azimayi anayi anandigwira, wina manja, wina m'chiuno, wina akundiwaza madzi kumaso. Ndikulimbana nawo choncho, batire linaphulika. Phuu! Lawi linakwera kupitirira mutu wa munthu, la mtundu wachilendo, zidutswa zamoto zikuuluka, anthu akugwa chagada, ana akulira. Kenako kunabuka nthungululu. Ankati watuluka, watuluka, wapita kwawo. Ine ndinangoyang'ana zaka zonse za ntchito ya achimwene zikukwera kumwamba ndi utsi wakuda.

Chimene sindidzaiwala ndi nkhope ya amayi. Anadzuka, anabwera kudzandikumbatira, misozi ikutsika koma akumwetulira, kumwetulira kumene ndinali ndisanakuone chimwalirire mwana wawo. Anandinong'oneza kuti basi mwanangu, mkulu wako wagona tsopano. Ndikanawauza chiyani pamenepo?

Moto utazirala ndinatola kachitsulo kamene ndinkaganiza kuti ndiko kosunga zinthu, ngakhale mneneri ankaletsa. Lolemba ndinapita nako kwa okonza makompyuta kutauni, bamboyo anakatembenuza kawiri nkundifunsa ngati ndikuseka. Madzi akatayika saoleka. Amalume ndinawafotokozera zonse tili awiri kushedi, ndinawalembera pathabwa ndi pensulo yawo yomwe, l payekha, imba payekha. Anayang'ana nthawi yaitali, anavula chipewa, kenako anatenga pulena nkupala pamene ndinalembapo. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti mlongo wawo asadzamve.

Ndipo sanamve mpaka lero. Chiliza tinamanga, amayi ananenepa, amaimbanso kwaya. Kushedi anabwerera kodula ndi maso, ndipo mulu wa zidutswa zotayika kuseri kwa shedi unayambanso kukula. Ine sukulu ija ndinapitiriza, pano ndimatha ndithu, moti ndakhala ndikulemba pulogalamu yanga yodulira matabwa. Imagwira, koma siifika pa ya achimwene, pali kanthu kamene ankachita pokonza zidutswa zing'onozing'ono kamene ndayesa njira zonse osakatulukira, ndipo akalipentala awiri amene anawaphunzitsa achimwene zambiri nawonso anatisiya. Tsiku lina amayi anapita kushedi, anaona mulu uja, pobwera nkundifunsa mwachifundo kuti kodi sukulu yonseyi sunafikebe pamene panali mkulu wako? Ndinawayankha kuti ndikuphunzirabe, kenako ndinakalowa kubafa nkutsegula mpopi kuti asandimve.

Mukandifunsa chimene ndimakhulupirira lero, ndikuuzani kuti akufa sayankhulira mwa linka, ndipo uthenga uliwonse wa kompyuta, ngakhale uoneke woopsa bwanji, uli ndi munthu wamoyo amene angaumasulire. Mneneri uja sindimukhululukira, koma amayi ndi amalume sindiwada, anachita zimene chikondi ndi mantha zinawauza. Pano ndisanatche dzina laibulale iliyonse ndimayamba ndaika l kutsogolo nkuliwerenga mokweza m'Chichewa ndi m'Chishona momwe, anzanga kuntchito amaseka, ine sindiseka nawo.

Ndiye inu amene mwayamba kumene kuphunzira zimenezi, makamaka amene mukusunga ntchito ya munthu amene sangabwerenso kudzailemba, ndimvereni. Kompyuta ikakupemphani kulowetsa sisitimu yatsopano, musavomere musanakopere zonse pena, pawiri ngati nkotheka. Zofiira zikabwera, yambani ndi choyamba, ndipo dziwani ngati akudandaulayo ndi kompayila kapena linka. Koma koposa zonse, uthenga umene simukuumvetsa musapite nawo kwa munthu amene ali ndi chisoni musanapite nawo kwa wodziwa kuuwerenga. Ine chilembo chimodzi chinandiikitsa achimwene anga kawiri, ndipo maliro achiwiriwo ndinalira ndekha, anthu akuimba nthungululu.